ZA MAU A CINGEREZI ONENA KUCIRIKIZA, NDI NKHOKWE YA ROGET

Aphunzitsi ndi omasulira ambiri amene awerenga masamba ano ali nalo buku lija la Peter Mark Roget lochedwa Thesaurus. Ndipo amene alibe bukulo adyako zipatso zace, pakuti makompyuta ndi mafoni a masiku ano, munthu akafunsa liu lofanana ndi linzace, amtsanulira mndandanda wa mau monga momwe Roget anayambira. Tsono taona kuti nkwabwino kuika buku limeneli pa muyeso, kuti tizindikire cimene licita bwino ndi cimene silikhoza kucita. Sitingathe kuyesa buku lonse m'masamba owerengeka. Cifukwa cace tasankha banja limodzi la aneni, ndiwo mau onena cocita, aja a kucirikiza cinthu kapena kucilimbitsa: support, sustain, uphold, bolster, prop, shore, buttress, underpin, brace, reinforce, fortify ndi corroborate. Tawasankha amenewa popeza afika kawiri kawiri m'makalata a boma, m'manyuzipepala ndi m'mabwalo a mirandu. Ndipo kumeneko womasulira akaphonya liu limodzi angathe kumasula womangidwa ndi pakamwa pace, kapena kumanga womasulidwa.

I. Mwini buku ndi cimene anafuna

Roget anali sing'anga wa ku England, wobadwa m'caka ca 1779, namwalira m'caka ca 1869. Anayamba kusonkhanitsa mau m'kabuku kace m'caka ca 1805, kuti adzithandize yekha polemba. Koma buku lalikuru linasindikizidwa ku London m'caka ca 1852, mwini wace ali nkhalamba ya zaka 73. Dzina lija Thesaurus ndi la Cigriki, ndipo litanthauza mosungira cuma. Ife tikadati nkhokwe. M'nkhokwemo anagawa maganizo a anthu m'zigawo zazikuru zisanu ndi cimodzi, ndi m'mitu ing'ono ing'ono 1,000, naika pansi pa mutu uli wonse mau okhudzana nao.

M'makope akale mutu wa 215 ndiwo wa "Support". Wotsegula pamenepo apeza poyamba maina a zinthu zonyamula zinzace, monga maziko, mzati, mpando, kama, mtsamiro ndi cishalo ca kavalo. Pambuyo pace apeza aneni ambiri ondondozana, olekanitsidwa ndi timizere tokha. Pano tiyenera kumtama Roget pa zinthu ziwiri. Coyamba, anaika maina a zinthu pamodzi ndi aneni, ndipo wowerenga wanzeru angathe kuona kumene mneni anacokera. Caciwiri, sanaunjike zonse pa mulu umodzi, pakuti za mphamvu anaziika pa mutu wa 159, za umboni pa 467, ndi za kuthandiza munthu pa 707. Anadziwa kuti kucirikiza khoma, kucirikiza mboni ndi kucirikiza bwenzi ndi nchito zosiyana.

Koma m'kati mwa mutu umodzi sanena kanthu za kusiyana kwa mau. Ici sanabisa, pakuti m'mau ace oyamba anafotokoza kuti nchito yace ndiyo kugawa mau ndi kuwandandalika, osati kumasulira tanthauzo lao. Analembera munthu wodziwa kale Cingerezi, amene liu lamthawa pang'ono, ndipo akaliona alizindikira monga munthu azindikira mbuzi yace m'khola la mnzace. Wophunzira wa kwathu sali wotero. Iye aona mau khumi pa mzere umodzi, nayesa kuti onse ndi amodzi, nasankha lalitali koposa kuti kalata yace iwoneke yaulemu. Nkhokwe isunga cimanga, koma siisankha mbeu. Kusankha ndi kwa mwini munda.

II. Liu liri lonse liri ndi cinthu cace m'kati

Mmisiri womanga nyumba ya kumudzi sasokoneza mitengo yace. Adziwa kuti mzati uima pakati nusenza denga, nsici ziima m'mbali nizigwira dothi la khoma, nsanamira zisenza khonde, ndipo mtengo wa mphanda ndiwo auimika pansi pa nthoci yolemedwa ndi mkoko wace. Yonseyi icirikiza, koma mwana wotumidwa mzati akabwera ndi mphanda asekedwa. Momwemonso ndi aneni a Cingerezi aja. Ambiri a iwo anali maina a zinthu asanakhale aneni, ndipo cinthuco cikali m'kati mwa liu kufikira lero.

"Support" licokera ku Cilatini, ku mau awiri, sub ndi portare, ndiko kunyamula uli pansi. Ndilo liu lotakata koposa onse, ndipo lilowa pa khoma, pa banja, pa ganizo la pamsonkhano ndi pa gulu la mpira. "Sustain" liri ndi sub yemweyo pamodzi ndi tenere, ndiko kugwira. Koma m'kati mwace muli nthawi, pakuti linena kugwira osaleka, monga cakudya cisunga moyo tsiku ndi tsiku. "Uphold" ndi la Cingerezi ceni ceni, up ndi hold, kugwira cinthu m'mwamba kuti cingagwe pansi ndi kupondedwa. Cifukwa cace liyenda ndi malamulo, miyambo ndi ziweruzo.

"Bolster" ndi mtsamiro wautali wa pakama. Ndi cinthu cofewa, cimene acilowetsa kumbuyo kwa wodwala kuti akhale tsonga. Cotero Angerezi alinena pa zinthu zolefuka, monga mtima wa munthu, cikhulupiriro ca ogula malonda, kapena mbiri ya wina. "Prop" ndi mtengo uja wa mphanda. Amene atate ao anagwira nchito m'migodi ya ku Johannesburg, kapena ya malasha ku Hwange, kumene kale kunachedwa Wankie, anamva za "pit props", ndiyo mitengo yocirikiza denga la mgodi kuti lingagwere anthu. "Shore" ndi mtengo woimikidwa mopendeka pa khoma losweka, kapena pa nthiti za combo cimene cakokedwera pamtunda. Ndipo ngakhale lilembedwa cimodzimodzi ndi "shore" wa gombe la nyanja, awiriwa ndi mau osiyana. "Buttress" licokera ku Cifalansa, ku mneni wonena kukankha, ndipo ndi cipilala ca miyala kapena ca njerwa comangidwa kunja kwa khoma, cokankhana ndi kulemera kwa denga. Zomveka koposa ndi zija za chalichi ca Notre-Dame ku Paris, cimene anayamba kumanga m'caka ca 1163. "Underpin" ndiko kukumba pansi pa khoma limene liri ciimire, ndi kuikamo maziko atsopano.

Kusiyana kwa atatu otsirizawa kuoneka bwino pa nyumba imodzi, ndiyo chalichi cacikuru ca ku Winchester, ku England. Mbali yace ya kum'mawa inamangidwa pa nthaka ya dambo, pamwamba pa mitengo yogonekedwa, ndipo poyamba pa zaka za m'ma 1900 makoma anali kumira ndi kung'ambika. Amisiri anayamba ndi kuimika mitengo yopendeka kunja kwa makoma, kuti angagwe nchito iri m'kati. Uku ndiko "to shore". Pamenepo anakumba maenje pansi pa makomawo, koma madzi anadzazamo. Ndipo mmisiri wa kumira m'madzi, dzina lace William Walker, analowa m'maenjemo ndi cisoti cace ca mkuwa kuyambira 1906 kufikira 1911, maora asanu ndi limodzi pa tsiku, mumdima woti bii, nayala ndi manja ace matumba a konkire oposa 25,000, kuti madzi apopedwe ndipo omanga athe kumangapo. Uku ndiko "to underpin". Potsiriza anamanga zipilala zotsamira khoma la kumwera, zimene ziri ciimire lero. Uku ndiko "to buttress". Mitengo ija inacotsedwa nchito itatha, maziko ali pansi osaoneka, zipilala ziri poyera pa maso pa onse. Cotero Mngerezi akati cinthu "underpins" cuma ca dziko, anena maziko obisika amene zonse ziimapo. Akati loya "buttressed" mlandu wace, anena kuti anaonjeza zifukwa zolimba zocokera kunja. Akati boma "shored up" ndalama ya dziko, anena nchito ya msanga msanga pa cinthu cirikugwa.

Atsala atatu a kulimbitsa. "Brace" licokera ku liu la Cilatini lonena mikono, ndipo ndi mtengo wopingasa umene ugwira mitengo iwiri kuti ingagwedezeke. Munthu akauzidwa "brace yourself", auzidwa kuti alimbe, pakuti cobvuta cirikudza. "Reinforce" ndiko kuonjezera mphamvu pa cinthu cimene ciri nayo kale, monga kutumiza asilikari ena ku nkhondo, kapena kuika zitsulo m'kati mwa konkire, luso limene Joseph Monier, wolima maluwa wa ku France, analembetsa ku boma m'caka ca 1867, atapanga nalo miphika ya mitengo yace. "Fortify" licokera ku fortis, wamphamvu, ndipo kuyambira kale linena kumanga linga pozinga mudzi. Lero alinenanso pa kuthira mavitamini mu shuga, m'mafuta ophikira kapena mu ufa.

III. Mau olemekeza ndi mau onyoza

Apa ndipo pali cosowa cacikuru ca buku la Roget. Mau ena a m'banja ili alemekeza cinthu cimene cicirikizidwa, ena acinyoza, ndipo mndandanda sucenjeza wowerenga. Nthoci yoima bwino siifuna mphanda. Cifukwa cace munthu akalemba "prop up", waulula kale kuti cinthuco ncofooka, ndipo kawiri kawiri watinso siciyenera kuima konse. M'zaka za 2008 ndi 2009 boma la Britain linaika ndalama zoposa mapaundi 45 biliyoni m'banki ya Royal Bank of Scotland kuti ingagwe. Wolemba mbiri iyi akati boma "supported" bankiyo, wangonena cocitika. Akati "shored up", wanena kuti banki inali pa ngozi ndipo thandizo linali la mwadzidzidzi. Akati "propped up", waweruza mlandu, nati banki inali yakugwa ndipo iimira pa ndalama za okhoma msonkho. Cocitika ndi cimodzi, koma mitima ya olemba ndi itatu.

Tsono lingalirani mlembi wa komiti ya sukulu amene alikulemba kalata yothokoza munthu wopereka njerwa ndi malata. Afuna liu losazolowereka, natsegula nkhokwe, napeza "prop" pafupi ndi "support", nalemba kuti athokoza bwanayo cifukwa ca "propping up our school". Iye ayesa kuti walemba mwaulemu, pamene wanena kuti sukulu yao ndi bwinja limene likadagwa kale. Bukulo silinamnamize, pakuti mau onse awiri anena kucirikiza. Koma silinamcenjeze, ndipo manyazi agwira iye.

Zindikiraninso kuti "prop" ndi "shore", ponena zinthu zosaoneka monga boma kapena malonda, afuna kaliu kaja "up" pambuyo pao, pamene "buttress" ndi "underpin" sakafuna. Ndiponso "reinforce" sasankha cokoma kapena coipa, pakuti Angerezi alinena pa khoma, pa phunziro, ngakhale pa tsankho ndi mabodza. Koma "uphold" kawiri kawiri sayenda ndi cinthu cimene wolankhulayo acinyoza.

IV. M'bwalo la mirandu

Kulibe kwina kumene mau awa alemera koposa m'bwalo. Taonani mau awiri awa: "The court upheld the conviction," ndi "The court upheld the appeal." Mneni ndi mmodzi, koma m'mau oyambawo bwalo lalikuru labvomereza ciweruzo ca bwalo laling'ono, ndipo wocita apilo abwerera kundende, m'aciwiriwo labvomereza dandaulo lace, ndipo wapambana. Womasulira amene angogwira mneni, osayembekeza kumva cimene cacirikizidwa, adzauza abale a womangidwa zosiyana ndi zoona. Citsanzo ca ici ciripo m'mbiri ya dziko la Malawi. Pa 3 Febuluwale 2020 oweruza asanu anafafaniza cisankho ca mtsogoleri wa dziko ca m'mwezi wa Meyi 2019. Ndipo pa 8 Meyi 2020 bwalo lalikuru la apilo linakana apilo, nilibvomereza ciweruzo cija. Pa Cingerezi cimene cinali "upheld" tsiku limenelo ndico ciweruzo. Apilo inagwa, ndipo anthu anasankhanso pa 23 Juni caka comweco.

Msampha wina ndi uwu. Wophunzira aona kuti "uphold" ndi up ndi hold, nayesa kuti angathe kuwatembenuza osaononga kanthu. Koma "hold up", ngakhale linena kucirikiza denga, linenanso kucedwetsa, ndiponso kulanda katundu ndi mfuti. Ciweruzo cimene ciri "upheld" calimbikitsidwa. Cimene ciri "held up" cacedwetsedwa, ndipo cikali m'njira.

"Sustain" nalonso liri ndi njira zace. M'mabwalo a ku America woweruza akati "sustained", wabvomereza kukana kwa loya. Koma dokotala akalemba kuti munthu "sustained injuries", sanena kuti anasunga mabala ace kapena kuwacirikiza. Anena kuti anabvulala, pakuti wosenza katundu ndiyenso amva kulemera kwace, ndipo liuli linayenda kucokera pa kusenza kufika pa kumva zowawa. "Corroborate" licokera ku robur, dzina la Cilatini la mtengo wolimba uja Angerezi aucha oak, ndipo kale linanena kulimbitsa ciri conse. Koma lero latsala pa umboni pokha. Mboni yaciwiri "corroborates" mau a yoyamba, ndiko kuyicitira umboni. Palibe Mngerezi amene anena liuli pa khoma la nyumba yace.

V. Mabuku ena oyenera kuima pambali pace

Roget asanasindikize nkhokwe yace, George Crabb anali atatulutsa kale buku lochedwa English Synonymes Explained, m'caka ca 1816. Njira ya Crabb ndi yina. Iye atenga mau atatu kapena anai, nanena kumene liri lonse linacokera, nafotokoza kusiyana kwao, napereka zitsanzo za olemba omveka. Kwa wophunzira njira iyi iposa ya Roget, popeza iyankha funso limene iye ali nalo. Koma Crabb ali nazo zilema zace: acurukitsa mau, alowetsa malangizo a makhalidwe pamene munthu afuna tanthauzo lokha, ndipo magwero ena a mau amene anapereka anakanidwa ndi akatswiri a pambuyo pace. Cingerezi cace ndi ca zaka mazana awiri zapitazo, ndipo mau ena anasuntha. Wofuna mbiri yoona ya liu aipeza mu Oxford English Dictionary, imene kope lace loyamba linatsirizidwa m'caka ca 1928. Imeneyo iwonetsa liu liri lonse m'mau a olemba, caka ndi caka.

Ndipo njira yabwinoyi si yacilendo kwathu. David Clement Scott, wa ku Blantyre, anatulutsa buku lace la mau a Cimang'anja m'caka ca 1892, limene Alexander Hetherwick analikonzanso m'caka ca 1929. Ubwino wa buku limenelo ndi wakuti silikhutira ndi kuika liu la Cingerezi pambali pa la Cinyanja. Lifotokoza cinthu ceni ceni, ndi mwambo wace, ndi manenedwe a eni ace. Cimene Scott anacitira mau athu kuti Azungu awamve, ndico ife tiyenera kucitira mau ao kuti ana athu awamve.

VI. Mau kwa aphunzitsi ndi omasulira

Pali ngozi yina ku mbali yathu. Liu lobwereka lija, kusapota, lameza mau ambiri a makolo. Lero munthu asapota banja, asapota gulu la mpira, asapota mnzace pa mlandu, asapota ganizo la pamsonkhano. Sititsutsa kubwereka, pakuti cinenero ciri conse cibwereka, ndipo Cingerezi comwe cinabwereka ambiri a mau awa ku Cilatini ndi ku Cifalansa. Koma akuru anali kusamala banja, kucemerera obvina ndi osewera, kuikira kumbuyo mbale wao, kubvomereza mau a mnzao, kubandira cimanga kuti cingagwe ndi mphepo, ndi kutsendera dothi pa tsinde la mzati. Mwana amene adziwa kusiyanitsa mau awa m'cinenero cace sadzabvutika kumva kuti "bolster" si "buttress". Koma amene ali ndi liu limodzi lokha kwao adzayesa kuti Angerezi naonso ali ndi limodzi, lobvala malaya khumi ndi awiri.

Cifukwa cace tipempha inu aphunzitsi kuti musalembe mau awa pa bolodi monga mndandanda wa kuloweza. Turukani ndi ana panja, muwaonetse mphanda pa nthoci, cipilala pa khoma, mtengo wopingasa pa citseko ca khola, ndi zitsulo za m'konkire pamene amisiri alikumanga. Ndipo pa cinthu ciri conse chulani mneni wace. Pambuyo pace muwaphunzitse kufunsa mafunso atatu pa liu liri lonse limene nkhokwe iwapatsa. Kodi m'kati mwa liuli muli cinthu canji? Kodi lilemekeza cocirikizidwaco, kapena liulula kufooka kwace? Nanga eni ace alinena pa zinthu zotani? Safunsa anadya phula.

Ciweruzo cathu pa buku la Roget ndi ici: ndi buku labwino kwa wodziwa, ndi loopsa kwa wophunzira amene aligwira lokha. Musalitaye, pakuti likumbutsa mau amene munthu akadaiwala. Koma musalembe liu locokera m'menemo musanalione m'buku lomasulira mau, ndi m'mau a wolemba wodziwa. Akuru anati, mutu umodzi susenza denga. Ndipo buku limodzi silingasenze cinenero.